Sitiroko Itandilanda Tulo

Abale ndi alongo, mundilole ndilankhule nditakhala. Mwendo wakumanjawu ndikaimirira nthawi yaitali umayamba zake, ndipo sindikufuna kugwa pamaso panu. Mawu enanso amandithawa pakamwa. Ndikaima pang'ono mudikire, amabwera.

Dzina langa ndi Lameki, ndimakhala ku Nsungwi m'nyumba ya lendi. Ndinali dalaivala wa minibasi, msewu wa ku Eriya 25 kupita m'tauni, ndipo mwina ena mwa inu ndinakupanikizanipo anayi pa mpando wa anthu atatu. Mundikhululukire. Lero andipempha kuti ndinene za tulo. Pagulu lathu lino la odwala sitiroko timakamba za mwendo, za dzanja, za bipi, koma za usiku aliyense amabisa. Ine nkhani ya usikuyi inatsala pang'ono kundipasulira banja.

Sitiroko inandipeza pa siteji m'mawa, injini ikulira, anthu akukwera. Dzanja linangotsetsereka pa chiwongolero ngati si langa. Mayi wina amene anakhala kutsogolo anandiyang'ana nati, "Adalaivala, pakamwa panu papotoka." Ndinafuna kumuyankha, panatuluka malovu okha. Ndimathokoza Mulungu kuti galimoto inali isananyamuke, chifukwa phazi la pa buleki linali litafa kale.

Anandigoneka m'chipatala, kenako ananditulutsa ndi mankhwala a bipi komanso masiku obwera kudzachita mafizo olimbitsa mwendo ndi dzanja. Kunyumba tinali awiri, ine ndi mkazi wanga, amake Tadala, amene amakazinga chipisi pamsika. Tadalayo anakwatiwa kutali. Ndiye zonse zinagwera mayi mmodzi: kundisambitsa, kunditembenuza, kundiperekeza kuchimbudzi, kenako kuthamangira ku chiwaya kuti tidye.

Usiku woyamba kunyumba ndinaopa kutseka maso. M'wodi muja bambo wa pa bedi loyandikana ndi langa anagona bwinobwino madzulo, kutacha anamufunditsa nsalu mpaka kumutu. Kuyambira pamenepo mutu wanga unkandiuza kuti sitiroko yachiwiri imabwera munthu uli mtulo. Tulo tikayamba kubwera, thupi linkadzidzimuka lokha. Ndinkagwedeza zala zakumanzere kuti ndione ngati zikadali zanga. Ndinkatchula dzina langa mumdima kuti ndimve ngati lilime likugwira. Phewa linkapweteka. Mkodzo unkandivuta. Ndikangoti ndagona pang'ono, maminibasi oyamba ayamba kuimba hutala kumsewu, ndipo thupi limene linazolowera kudzuka nthawi imeneyo linkadzuka, koma kopita kunalibe.

Ndiye ndinkadzutsa amake Tadala. Nditembenuzeni. Ndipatseni madzi. Yatsani tochi. Tandiyang'anani pakamwa, sipanapotoke? Nthawi zina panalibe chilichonse, ndinkangopsa mtima kuti iwo akugona ine ndili maso.

Kukacha iwo ankapita kumsika, ine ndinkatseka makatani. Sindinkafuna kuti aneba aone Lameki akukoka mwendo. Ndinkakhala pa sofa, wailesi ikulira, tiyi wa masamba ambiri m'fulasiki kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinayamba kugula mapiritsi a chimfine ogonetsa aja pa okala, limodzi, kenako awiri, kenako sindinkawerenganso. Anzanga a pa siteji atabwera kudzandiona, mmodzi anandisiyira kabotolo ka kachasu nati, "Bigi, mankhwala a tulo ndi awa." Kanagwira ntchito tsiku limenelo. Ndinayamba kuitanitsa. Ku mafizo ndinasiya kupita, chifukwa m'mawa mutu unkalemera ngati mwala. Mankhwala a bipi tsiku lina ndamwa, tsiku lina ndaiwala. Dzanja limene linayamba kutambasuka linabwerera kukhwinyata. Achibale kumudzi anayamba kunena kuti alipo amene akundikhalira pachifuwa usiku, ndipo ine ndinavomereza, chifukwa kuloza munthu wina n'kosavuta.

Tsiku lina ndinawagenda amake Tadala ndi kapu chifukwa anachedwa kudzuka nditawaitana. Inawaphonya. Anatola zidutswa. Munthu ameneyo ndinali ine, abale, sindikunena za wina.

Chimene chinandiimitsa chinachitika masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndinamva anthu akulankhula pakhomo, chitseko chinatseguka, amayi awiri a kumsika analowa atawagwirira amake Tadala uku ndi uku. Mkono wawo unali utakulungidwa bandeji kuyambira pa chigongono mpaka pa zala. Anawodzera ataimirira pa chiwaya. Anatsamira kutsogolo, mkono unalowa m'mafuta owira.

Amayi aja atapita, mkazi wanga anakhala pa mpando moyang'anana nane. Sanalire. Maso awo anali ofiira, akuya, ndipo ndinazindikira kuti panapita nthawi yaitali ndisanawayang'ane nkhope masana.

Anati, "Bambo a Tadala, lero ndikagona ku Chinsapo kwa achemwali."

Ndinati, "Mwayamba kundithawa chifukwa ndalumala?"

"Ukwati sindikuuthawa. Chakudya ndizibweretsa, zovala ndizichapa ndi dzanja limodzili. Ndikufuna kugona basi. Ndikagwera m'chiwaya ndi nkhope, mudzadzutsa ndani?"

 Anatenga chitenje ndi kachikwama, anatseka chitseko pang'onopang'ono. Ndinakhala pa sofa paja mpaka kunada, fungo la mafuta opserera likadali m'nyumba. Kabotolo kanali pansi pa mpando. Sindinena kuti ndinakataya, ayi, ndinamwa. Koma tsiku limenelo ngakhale kachasu sanandigonetse.

Tsiku lokatsukitsa bala lawo ndinati ndipita nawo. Kanali koyamba kutuluka pa geti patapita nthawi yaitali, moti dzuwa linandilasa m'maso. Titakhala pa benchi kuchipatala, anatulukira a Nyirenda, amayi amene amatichititsa mafizo. Anaima, anandiyang'ana ine, anayang'ana bandeji ija.

"A Lameki, ife tinayesa munasamuka. Dzanja ili mwalitani?"

Ndinayamba kupereka zifukwa. Mayendedwe, kutopa, mutu. Iwo anakoka mpando nakhala.

"Mumagona bwanji?"

"Sindigona."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono, amayi. Chichokereni m'wodi."

Amake Tadala anaseka kuseka kowawa. "Ndikabwera masana kudzawasiyira chakudya ndimawapeza akuliza mkonono pa sofa. Ndimagogoda mpaka dzanja kupweteka."

"Kumene kuja ndi kupumitsa maso," ndinatero ine, mtima utayamba kale kutentha.

A Nyirenda sanaweruze mlanduwo. Anati tonse awiri tatopa, ndipo munthu wotopa sakumbuka bwino za usiku wake. Amakumbuka nthawi imene anali maso, imene anagona imamuthawa. Anati popeza iwo sangabwere kudzandilonda, ndigule kope la ana asukulu ndizilembamo za tulo tanga tsiku lililonse, ndidzabwere nalo pakatha masabata awiri. Anandiuzanso mosabisa kuti ubongo umene wavulala umafuna tulo kuti uphunzirenso kuyendetsa dzanja ndi mwendo, ndipo mafizo a munthu wosagona amalowa movutikira.

Ndinati, "Dzanja lolembera ndi limene linafali."

"Lakumanzere lilipo. Kulembako ndi mafizonso."

Anatenga pepala najambula mizere kuti ndikakopere. Nthawi imene ndalowa m'bedi. Ngati tulo tinabwera msanga kapena mochedwa. Kangati ndinadzuka, ndipo chinandidzutsa n'chiyani. Nthawi imene ndatuluka m'bedi. Ngati ndinagona masana. Zimene ndinamwa, tiyi, mapiritsi, mowa. Pomalizira, mmene thupi likumvera m'mawa. Anandichenjeza zinthu ziwiri. Ndizilemba m'mawa, osati usiku. Ndipo ndisamayang'ane wotchi ya pa foni ndikadzuka, chifukwa kuwerenga maola kumathamangitsa tulo. Kungoyerekeza n'kokwanira.

Ndinagula kopelo chifukwa cha manyazi, osati chikhulupiriro. Zilembo zoyamba zinali ngati nkhuku yapalasa. Mzere umodzi unkanditengera thukuta. Wotchi yanga inali mudzi womwewo. Ndinkalemba kuti ndinagona bala ya kuseri itazimitsa nyimbo, ndinadzuka agalu akuuwa, ndinadzukanso mzikiti usanaitane, ndinatuluka m'bedi ana akupita kusukulu. Za masana ndinkalemba monyinyirika. Za kachasu sindinalembe n'komwe. Mzere umenewo ndinkangoikamo tiyi.

Nditabwerera, a Nyirenda anawerenga tsamba ndi tsamba, chala chikuyenda pa mizere. Kenako anatembenuzira kopelo kwa ine.

"Werengani nokha mzere wa masanawu."

Ndinawerenga. Nditamwa tiyi wa m'mawa, kugona mpaka nkhani za masana pa wailesi. Nditadya, kugona mpaka ana ataweruka. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Lotsatiranso. Zinali zolemba zanga, ndi dzanja langa lopotokalo, panalibe woti ndikangane naye. Munthu amene ndinkalumbira kuti sagona anali kugona theka la tsiku. Tulo tanga sitinatayike. Ndinkatidyera masana, usiku n'kumafuna tina.

Anandionetsanso china. Masiku amene ndinaperekeza amake Tadala kukatsukitsa bala, kukwera kabaza, kuyenda padzuwa, kudikira pa mzere, usiku wake ndi umene ndinadzuka kochepa. Masiku amene ndinatsekera m'nyumba ndi amene anali oipitsitsa.

Kenako anatsitsa mawu. "Pali masiku ena mwagona msanga kwambiri, kenako pakati pa usiku mwadzuka mtima ukugunda, kukhosi kouma, osagonanso. Tiyi yekha sachita zimenezi. Mumamwa chiyani madzulo?"

Mkazi wanga anali pomwepo. Ndinayang'ana pansi, ndinanena zonse, kachasu ndi mapiritsi omwe. A Nyirenda sanandikalipire. Anati mowa umagwetsa munthu msanga koma umamudzutsa pakati pa njira, ndipo ukaphatikizana ndi mapiritsi aja pa munthu wa mwendo umodzi, tsiku lina adzagwa usiku n'kumenyetsa mutu. Anatitumiza kwa dokotala tsiku lomwelo, kope lili m'manja.

Apa mumvetsere, chifukwa ndi pamene pali ntchito. Sindinachire tsiku limodzi, ndipo sindinasinthe zonse pakamodzi.

Dokotala anayamba ndi mzere wa zimene zinkandidzutsa. Mkodzo unalembedwa pafupifupi pa tsamba lililonse. Atandifunsa nthawi imene ndimamwa mankhwala, zinapezeka kuti piritsi lina la bipi, limene limakodzetsa, ndinkalimwa madzulo chifukwa m'mawa ndinkakhala ndili mtulo. Anati ndizilimwa m'mawa. Musakasinthe nokha mankhwala anu chifukwa Lameki wanena, ayi. Pitani mukafunse, mankhwala athu si amodzi. Za phewa a Nyirenda anandionetsa kagonedwe kochirikiza mkono ndi pilo kuti usalendewere. Za mantha a sitiroko yachiwiri ndinawauza dokotala ndikulira, bambo wamkulu ngati ine. Anandiuza kuti kukhala maso usiku sikutchinga sitiroko. Chimene chimathandiza ndi kumwa mankhwala mosadumphitsa, kusiya mowa ndi kugona. Anandifunsanso ngati mtima wanga unali utasweka mpaka kufuna kufa. Ndinati masiku ena. Anati zimenezo zimachitikira ambiri sitiroko ikadutsa, ndipo ali nalo thandizo lake. Ngati muli pamenepo, nenani.

Kunyumba ndinayamba ndi chinthu chimodzi, kudzuka nthawi yomweyomweyo kaya ndagona kaya sindinagone, ndi kutsegula makatani. Ndinkatulutsa mpando pakhonde kukhala padzuwa. Masiku oyamba anali ozunza. Maso ankatsekeka okha, mutu unkagwera pachifuwa, ndinkanyamuka kuyenda ndi ndodo mpaka pa mjigo ndi kubwerera, kungoti ndisagone. Aneba amene ndinkawabisalira anandipatsa moni ngati ndachokera kuulendo. Kugona masana a Nyirenda sanandiletse kotheratu, chifukwa kutopa kwa sitiroko mukukudziwa, sikufanana ndi kutopa kwa ntchito. Anati pang'ono chabe nditadya, dzuwa lisanapendeke, ndipo wina azindidzutsa. Tiyi anathera m'mawa. Foni inayamba kugona pabalaza. Tulo tikakana usiku, ndinkasiya kugubuduka. Ndinkayatsa tochi kaye kuti ndisagwe, n'kukhala pa mpando pafupi ndi bedi mpaka maso atalemera.

Kachasu ndiye anandivuta. Ndinasiya, ndinabwerera, ndinasiyanso. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ndinkalemba. Ndikamwa, m'mawa ndinkalemba kuti ndamwa, ndipo pambali pake pankakhala usiku wake woipa, ukundiyang'ana. Mnzanga uja atabweranso ndi kabotolo ndinamuuza kuti akafuna kundiona azibwera chimanjamanja. Sanabwerenso. Ena anabwera.

Amake Tadala sanabwerere msanga, ndipo sindinawakakamize. Masana akabwera ankatenga kope pa tebulo n'kuwerenga ataimirira. Tsiku lina madzulo sananyamule kachikwama kaja. Anayala mphasa pabalaza. Usiku umenewo ndinadzuka, pakamwa panatseguka kuti ndiwaitane monga mwa chizolowezi, ndinadziluma mlomo. Madzi ndinali nditaika pafupi. Tochi inali pansi pa pilo. Ndinadzitembenuza ndekha, movutika, ndikutukwana chamumtima. M'mawa ndinalemba kuti ndinadzuka koma sindinadzutse munthu.

Atayamba kugonanso kuchipinda anawonjezera mzere wawo m'kopemo. Analemba chimene ine sindikanachidziwa, kuti ndikagona chagada ndimaliza mkonono kwambiri, kenako ndimasiya kupuma kwa kanthawi, n'kudzidzimuka ngati munthu wotsamwa. Anati ankakhala tsonga kudikira kuti ndipumenso. Titawaonetsa dokotala, nkhope yawo inasintha. Anati zimenezo si zoseketsa, zimavutitsa mtima ndi bipi, ndipo akuzitsatirabe mpaka pano. Pakadali pano ndimagona chammbali, pilo kumsana kuti ndisagubuduke. Amene muli ndi wogona naye, mumpatse mzere wake. Amaona zimene inu simuona.

Ndinabwereranso m'mbuyo kamodzi. Mnzanga amene ndinayamba naye ntchito ya minibasi anamwalira ndi bipi yomweyi. Ndinachezera pamaliro, ndinabwerako mantha atadzadzanso m'chifuwa, masana ndinagona, usiku maso gwa, kope ndinaliponya pamwamba pa kabati. Ndinatsala pang'ono kutuma munthu kokagula kabotolo. Amake Tadala analitsitsa, analipukuta fumbi, analitsegula pa masamba a mwezi wapitawo n'kundiikira pamiyendo. "Amene anagona masiku awa ndi ndani?" anandifunsa. Ndinayambiranso pa tsamba latsopano.

Minibasi sindinabwerereko, ndipo mwina sindidzabwererako. Zimandipwetekabe ndikamva injini m'mawa. Tsopano ndimakhala kumsika, ndimasenda mbatata. Mmisiri wina anandikhomera misomali pa thabwa, ndimabaya mbatata pamenepo n'kusenda ndi dzanja lakumanzere, lakumanjali likugwirizira thabwa. Chaka chatha silinkatha ngakhale kugwirizira. Ku mafizo sindijomba.

Mvula ya chaka chino itayamba, kunagwa chimvula cha mphepo usiku. Mpanda wa njerwa wa aneba unagwa, malata a bafa lathu anauluka mpaka kumsewu, anthu anatuluka ndi matochi akukuwa. M'mawa ndinatuluka ndi mswachi pakamwa, ndinapeza bafa lili pululu. Ndinafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Amake Tadala anandiyang'ana, anakhala pansi pakhonde, anaseka mpaka misozi. Mudzi wonse unali maso, ine ndekha ndinali m'tulo tofa nato.

Musaganize kuti usiku uliwonse uli choncho. Dzulo lomweli sindinagone bwino, mutu unali kukonza zimene ndidzanene pano, ndipo m'mawa uno ndalemba zimenezo ndisanavale nsapato. Usiku umodzi woipa sundiopsanso, chifukwa ndikatsegula masamba ndimaona kuti wabwino umabwera pambuyo pake.

Ndiye mukatuluka pano gulani kope. Ngati dzanja silikulola, uzani wina akulembereni, kapena muzingochonga. Lembani zoona, ngakhale zochititsa manyazi, ndipo mupite nalo kwa amene amakuonani kuchipatala. Osamalira odwala, inunso lembani lanu. Mwatopa kuposa mmene mukuvomerezera.

Ndikuona abambo a chipewa chofiira kumbuyo uko mutu wagwera pachifuwa. Sindikuwaseka, ndikudziwa kumene anali usiku wathawu. Amayi amene mwakhala nawo pafupi, agwedezeni pang'ono paphewa, kenako mutuluke nawo panja akaone dzuwa. Kukadali m'mawa. Tulo timeneto atisungire madzulo.